Marimu a 8J ET20 pa Fielder yonyamula mpunga: ndiwatenge kapena ndiwasiye?

Wa_ku_Linga

Moni akuluakulu nonse pano. Ndakhala ndikungowerenga zanu mwakachetechete, koma lero ndabwera ndi yanga.

Ndili ndi Toyota Corolla Fielder ya 2008, injini 1.5, yokoka ndi matayala akutsogolo okha. Ndimakhala ku Nkhotakota kuno, ndipo galimotoyi ndi imene imandidyetsa. Nyengo ya mpunga ndimagula Kilombero ndi Faya kwa alimi, ndikachoka nawo kuchigayo ndimakagulitsa ku Lilongwe. Njira mukuidziwa: M5 kudzera pa Benga mpaka pa Kaphatenga, kenako M14 kukwera mapiri a ku Mvera. Ndikagoneka mipando yakumbuyo matumba amalowa bwinobwino, koma galimoto imakhala pansi ndithu kumbuyoko.

Marimu amene inabwera nawo ndi achitsulo. Awiri anapindika m'maenje, anyamata a matayala anawawongola ndi hamala, koma imodzi ikumataya mpweya pang'onopang'ono moti m'mawa ndimayamba ndafunafuna pampu ndisanamwe tiyi. Pa rimu palembedwa 15x6J ndi nambala 45. Pa tayala palembedwa 195/65R15 91H.

Mphwanga amene amakhala ku Lilongwe wandipezera maseti awiri a ma mags, marimu a aluminiyamu aja, kwa munthu wina wobwera nawo kuchokera ku Joni, wanditumizira zithunzi pa WhatsApp. Seti yoyamba ndi yokongola zedi, yakuda, mlomo wake wonyezimira komanso wolowa mkati kwambiri. Kuseri kwalembedwa 15x8J ET20, ndipo ikubwera ndi matayala ake, 195/50R15 82V, osadyeka kwenikweni. Yachiwiri ndi 16x7J ET35, yopanda matayala. Zonse ndi za mabowo 4, ndipo mphwangayo akuti wayeza, ndi 4x100 (mabowo 4, oyang'anana atalikirana 100 mm) chimodzimodzi Fielder.

Mtima wanga uli pa yoyambayo, chifukwa ndigula kamodzi marimu ndi matayala omwe, ndalama yake ndi yotsikirako. Mayi akunyumba angoti iwo za kukongola sakuzidziwa, bola mpunga uzifika. Tsono funso langa: ET imeneyi ndi chiyani kwenikweni, ndipo kuchoka pa 45 kufika pa 20 ndi nkhani yoti munthu adandaule nayo? Mabowo akagwirizana si ndiye kuti zatheka? Nanga 8J pa galimoto yonyamula katundu ili bwanji? Mwiniwake akufuna yankho sabata ino. Thandizeni.

Kabaza_Turbo

Madala musachedwe nazo, tengani za 8J zo wina asanakutsogoleni. 4x100 ndi 4x100 basi, zilowa. Mnzanga wina pa Kamuzu Road pano ali ndi Vitz, anaika zoterozo, ikamadutsa ngakhale amayi ogulitsa usipa amacheuka. Tayala likamakhula madigadi ndi nkhani yaing'ono, anyamata amangopinda mlomo wa madigadi ndi paipi, zatheka. Komanso rimu yotambalala ndiye kuti galimoto ikugwira msewu, makona a ku Mvera aja muzingowadya osatsitsa phazi. Fielder ndi galimoto yabwino koma pa marimu achitsulo imaoneka ngati ya maliro, ipatseni ulemu pang'ono.

Sipana_21

Bambo a ku Linga, mwachita bwino kufunsa ndalama isanatuluke m'thumba. Ine ndimakonza magalimoto ku Salima kuno, ndipo ambiri olowa pa galaja panga ndi okoka kutsogolo omwewa: Sienta, Vitz, Passo, Fit, Fielder. Yankho langa ndi lakuti seti ya 8J ET20 isiyeni. Mng'ono wanga Kabaza sananame kuti ilowa. Kulowa ilowadi, manati amangika, galimoto itsika pa jeke. Zovuta zimayamba ikanyamuka, makamaka matumba ali kumbuyo.

Tiyambe ndi ET. Tengani rimu muiimike, muganizire mzere wodula pakati penipeni pa m'lifupi mwake. Ndiye pali malo osalala aja kuseri, pamene pali mabowo, amene amakagunda pa hub, chitsulo chokhala ndi mabawuti chimene rimu imamangidwapo. Mtunda wa pakati pa ziwirizi, mu mamilimita, ndiye offset, ndipo pa rimu amailemba ET. Ikakhala 0, malo omangirawo ali pakati penipeni. Ikakhala +45 ngati yanu, malo omangira ali 45 mm cha kunja, kutanthauza kuti gawo lalikulu la rimu lalowa mkati mwa galimoto, lavundikira mabuleki. Nambala ikamatsika tayala limatuluka kunja. Ambiri amasokoneza pamenepa, amayesa nambala yaikulu ndiye yotulutsa. Pomwe 6J, 7J, 8J ndi m'lifupi mwa rimu mu mainchi, poyeza mkati pamene tayala limakhala, ndipo inchi imodzi ndi 25.4 mm.

Tsopano tiwerengere limodzi. Kuchoka pa 6J kufika pa 8J mwawonjezera mainchi 2, omwe ndi 50.8 mm, theka kunja theka mkati, 25.4 mbali iliyonse. Kenako offset yatsika kuchoka pa 45 kufika pa 20, ndiye kuti rimu yonse yasunthira kunja ndi 25 mm. Mbali ya mkati ziwirizi zafafanizana, sipasintha kanthu. Koma kunja zaphatikizana: 25.4 ndi 25, mlomo wa rimu utuluka 50 mm kuposa pamene uli panopa. Bwerekani rula ya mwana wasukulu, muiike pa mlomo wa rimu yakumbuyo, muone pamene 5 cm ikuthera. Mupeza kuti mwadutsa madigadi.

Galimoto ikakhala yopanda kanthu imatha kukunamizani, chifukwa pakati pa tayala ndi madigadi pamakhala mpata. Inu mumanyamula. Kumbuyo kukatsika, n'kumenya hampu, kapena n'kutsika pa tala podyeka paja popatsa mpata lole pa M5, madigadi amatera pa tayala n'kumalisenda paphewa. Kupinda mlomo wa madigadi kumakupatsani mamilimita ochepa chabe, osati 50, ndipo penti ikasweka pamenepo, ndi chinyezi chathu cha kunyanja chino, dzimbiri silichedwa.

Koma chachikulu chili kutsogolo. Pa Fielder matayala akutsogolo ali ndi ntchito zitatu nthawi imodzi: kukoka, kukhota, ndi gawo lalikulu la kuimitsa galimoto. Injini ndi giyabokosi zinagona chopingasa pakati pawo, shafti ikudutsa pa CV joint, mfundo imene imailola kupinda tayala likamakhota, kukalowa mu hub. N'chifukwa chake opanga amaika offset yaikulu, cha m'ma 35 mpaka 50 pa magalimoto ambiri amtunduwu, kuti kulemera kuzigwera pamene bearing, imene hub imazungulirapo, inakonzedwa kukulandira. Land Cruiser zakale zija ndi nkhani ina, zimakhala cha pa 0, ndiye munthu asamaone rimu yakuya pa Cruiser n'kuilakalaka pa Corolla.

Mukapotoza chiwongolero, tayala limatembenukira pa mzere wochokera pamwamba pa shoko, kudutsa pa ball joint, mfundo yapansi imene tayala limakhoterapo, mpaka kukagunda pansi. Mzere umenewu anaukonza kuti uzikagwera pafupi kwambiri ndi pakati pa pamene tayala laponda, ndipo pa okoka kutsogolo ambiri umagwera kunja kwake pang'ono. Mtunda wa pakati pa malo awiriwa mabuku amautcha scrub radius. Mukatulutsa tayala ndi 25 mm mzere uja susuntha, chimene chasuntha ndi popondera. Kuyambira pamenepo chilichonse chokankha kapena kukoka tayala chapeza pogwira kuti chipotoze chiwongolero. Mukaponda moto ponyamuka, tayala lina lili pa tala lina pa mchenga, galimoto imakokera mbali imodzi. Mukaponda buleki mwadzidzidzi chifukwa cha mbuzi kapena njinga, tayala lina lili kunja kwa tala, chiwongolero chimafuna kukulandani. Dzenje lililonse mumalimva m'mikono. Pa msewu wosalala wa mu tauni munthu atha kuzolowera. Pa mtunda wa Nkhotakota mpaka Salima, makilomita oposa 100, mufika mutatopa.

Bearing nayo imalira. Nyamulani ndowa ya madzi mutaigunditsa pa mwendo, kenako muinyamule mkono utatambasuka: madzi ndi omwewo koma phewa likuuzani. Ya kutsogolo kwa Fielder imafuna pulesi kuti ituluke, ya kumbuyo mumagula hub yonse. Mfundo za chiwongolero zija, tie rod end ndi rack end, komanso ball joint nazo sizikhalitsa. Kunena zoona ine ndimadya bwino chifukwa cha marimu oterewa, ndiye muone kuti pokuletsani ndikudzimana ndekha.

Ngakhale offset ikanakhala yabwino, matayala a 195/50R15 okhawo akanandikanitsa. Nambala yachiwiri ija imanena kutalika kwa khoma la tayala poyerekeza ndi m'lifupi mwake. Pa 195/65 khoma ndi pafupifupi 127 mm, pa 195/50 ndi 97.5 mm. Mphira umenewu ndi umene umalandira dzenje rimu isanalilandire. Ngati marimu achitsulo anapindika ali ndi 127, a aluminiyamu adzatani ndi 97? Tayala lanu lonse panopa ndi lotalika 634 mm, linalo ndi 576 mm. Galimoto itsika pafupifupi 3 cm musanaike n'komwe thumba, sipidomita izinama ndi pafupifupi 9 pa 100 iliyonse, ndipo injini izizungulira kwambiri pa mtunda womwewo. Ndiye taonani manambala omalizawo, 91 ndi 82. Amenewo ndi katundu amene tayala limodzi limaloledwa kusenza: 91 ndi 615 kg, 82 ndi 475 kg. Kusiyana ndi 140 kg pa tayala, 280 kg pa awiri akumbuyo, kuposa matumba 5 a 50 kg. Kuwonjezera apo tayala la 195/50 linapangidwira rimu ya mainchi 5.5 mpaka 7. Pa 8J lakokedwa mokakamiza, mlomo wa rimu uli pamtunda. Kutentha kwa Okutobala kwa kunoku, katundu kumbuyo, tayala lokokedwa: ine sindingakwere.

Seti yachiwiri, 16x7J ET35, ndi yabwinoko. Kunja ituluka pafupifupi 23 mm, mkati iyandikira shoko ndi 3 mm, ndipo pakati pa tayala pasuntha 10 mm basi. Mutaikapo 205/55R16 91, kutalika ndi 632 mm, kufanana ndi kwanu, katundu ndi yemweyo. Kwa munthu woyenda mu Lilongwe ndikanati tengani. Koma khoma latsika kufika 113 mm, mugula matayala anayi atsopano, ndipo tsiku limene limodzi lidzaphulike cha ku Chia madzulo, 195/65R15 mudzalipeza msanga kuposa la 16.

Ikanakhala yanga ndikanakhala pa 15, rimu ya 6J kapena 6.5J, ET pakati pa 40 ndi 45, matayala saizi yomwe muli nayo.

NaBanda_wa_Senga_Bay

A Sipana afotokoza bwino, ine ndingowonjezera ziwiri zimene ndinakumana nazo, chifukwa mabowo anayi aja si okhawo oyenera kugwirizana.

Ndimayendetsa Honda Fit, ndinaigula ili kale ndi ma mags. Kuchoka ku Senga Bay kupita ku boma inalibe vuto, koma ndikangolowa msewu wa ku Lilongwe n'kufika cha m'ma 90, chiwongolero chimanjenjemera mpaka mawotchi kuoneka awiriawiri. Kukapangitsa balansi, imakhala bwino pang'ono, ndikangosintha tayala zayambiranso. Amene anadzapeza vuto ndi bambo wina wachikulire wa matayala, anangochotsa rimu n'kulowetsa chala pa bowo lapakati lija. Bowo la rimu linali 73.1 mm pomwe hub ya Fit ndi 56.1 mm. Rimu inalibe pokhalira pomanga, ndiye imamangidwa itapendekera pang'ono. Anaika timaringi todzaza mpatawo, kunjenjemera kunatha. Pa Toyota yanu, bambo, hub ndi 54.1 mm. Muuzeni mphwanuyo ayezenso bowo lapakati la rimu iliyonse imene akukupezerani. Likakhala lalikulu timaringi tilipo, likakhala laling'ono rimu siikhala n'komwe, ndipo musalole wina alikuze ndi fayilo.

Chachiwiri ndi manati. Bambo omwewo anandionetsa kuti manati a Honda kunsi kwake ndi kobulungira, pomwe mabowo a ma mags ogula padera ambiri ndi osongoka ngati fanulo. Ndiye nati imangogwira kamzere kakang'ono, n'kumamasuka yokha. Ma mags enieni a Toyota nawo ali ndi manati awoawo, afulati okhala ndi washala. Choncho mukasankha marimu, funsani kuti akufuna manati amtundu wanji, mugule pamodzi. Ndipo musatolere manati a Nissan chifukwa akuoneka ofanana, mazinga ake ndi 1.25 pomwe a Toyota ndi Honda ndi 1.5, mungaononge mabawuti.

Ma mags akaunjika muziwayang'ana kuseri, osati kumaso. Ogulitsa amapenta kumaso kokha. Kuseri ndi kumene mumaona ngati inawotcheredwapo kapena ili ndi mng'alu. Ochokera ku Japan amakhala ndi chidindo cha JWL, chosonyeza kuti akukwana muyezo wa marimu wa kumeneko. Ine yowotcherera sindingaike kutsogolo, ngakhale atandipatsa ulere.

Wa_ku_Linga

Zikomo kwambiri nonse. A Sipana, rula ndabwereka ndithu. Ndayeza kumbuyo galimoto ili yopanda kanthu, 5 cm ikudutsa madigadi moonekeratu. Ndamuimbira mphwanga kuti za 8J aziiwale, wakhumudwa kuposa ine. Mayi NaBanda, za bowo lapakati ndi manati sindinkazidziwa, ndazilemba pa pepala.

Pabwera zina. Mnzanga wa ku Salima komweko ali ndi ma mags amene anachotsa pa galimoto yake itachita ngozi kutsogolo, akuti atatu ali bwino, ndipo yachinayi anagula ina yofanana nayo. Akuti 15x6.5J akuiona, mabowo 4, koma pamene payenera kukhala ET panadyeka, sipakuwerengeka. Pali njira yodziwira popanda nambalayo?

Chinanso, poti vuto langa ndi kukhula pansi ndikanyamula, makamaka njira zafumbi zolowera kwa alimi nthawi ya dzinja, munthu wina anandiuza kuti ndiike 205/65R15 galimoto ikwereko. Zoona? Ndipo ngati nditangogula marimu achitsulo ena awiri n'kukhala chete, ma spacer aja amaika kuseri kuti matayala atulukeko pang'ono ali ndi vuto?

Kabaza_Turbo

Aaa madala mwaopsezedwa msanga. A Sipana ndi akuluakulu, masamu awo sindingatsutse, koma Vitz ya mnzanga ija yatha chaka ikuyenda, sinagwe. Ndipo mchenga wa ku Senga Bay kapena kwanu ku Nkhotakota kumafunika chotambalala, tayala lopyapyala limangokumba. Pamenepa ndiye a Sipana mundivomereze.

Sipana_21

Mng'ono wanga Kabaza, Vitz ya mnzakoyo imanyamula iyeyo ndi sipika. Ulendo wake ndi Kamuzu Road, depoti, kunyumba. Umufunse kuti bearing wasintha kangati, ndipo umuyang'ane mmene amadutsira hampu chammbali ngati akuopa kudzutsa mwana. Za mchengazo, taona bwino manambala: tayala la madalawa ndi 195, la pa 8J lija ndi 195. Chatambalala ndi chitsulo, mphira woponda pansi sunawonjezereke. Mu mchenga chimene chimathandiza ndi kuchotsako mpweya kuti popondera patalike, ndipo zimenezo zimatheka pa tayala la khoma lalitali. La 50 lokokedwa pa 8J ukalichotsa mpweya limavuka pa rimu. Ukatuluka mu mchengamo uyambe wapopa usanathamange pa tala.

Bambo a ku Linga, offset imayezeka, sizifuna makina. Rimu ikhale yopanda tayala. Igonekeni chafufumimba pa katoni, kumaso pansi. Ikani thabwa lowongoka kapena chitsulo chopingasa pa mlomo wakuseri, muyeze kuchoka pa thabwalo kutsika mpaka pa malo osalala a mabowo aja. Lembani. Kenako yezani m'lifupi mwa rimu yonse, mlomo mpaka mlomo kunja kwake, mugawe pawiri. Nambala yoyamba kuchotsa yachiwiri, yotsalayo ndiye ET. Rimu ya 6.5J kunja kwake imakhala pafupifupi 190 mm, chifukwa milomo iwiri imawonjezera ngati inchi imodzi, ndiye theka ndi 95. Mukapeza 135 poyeza koyamba, ndiye kuti ndi +40, tengani. Mukapeza 115, ndi +20, mwabwerera pa nkhani yomwe ija. Pa 6.5J +40 kunja kutuluka 11 mm, mkati 1 mm yokha, ndipo tayala lanu la 195/65R15 likhalapo bwino chifukwa limaloledwa pa rimu ya 5.5 mpaka 7.

Koma muyeze zonse zinayi, makamaka yachinayi imene akuti anagula padera. Marimu a maonekedwe amodzi amapangidwa ndi ma offset osiyanasiyana, ndipo ndalandirapo galimoto yokokera kumanzere, mwini wake atatha ndalama pa alayimenti, chonsecho kutsogolo kuli +45 mbali ina +35 mbali ina. Poti galimotoyo inagunda kutsogolo, marimu onse akwere pa makina a balansi muwaone akuzungulira. Yopindika imavina, simuchita kufunsa. Mabowo anayi nawo muyeze kuchoka pakati pa bowo kufika pakati pa loyang'anana nalo, ikwane 100 mm. Nissan Tiida yakale ndi 114.3, Ford ndi Peugeot zambiri za mabowo anayi ndi 108.

Za 205/65R15: kutalika kwake ndi 647 mm, kuposa lanu ndi 13 mm, ndiye galimoto ikwera theka lake, 6 kapena 7 mm. Si zambiri, koma khoma lafika 133 mm, ndipo ambiri a saizi imeneyi ndi 94, omwe ndi 670 kg. Sipidomita iziwerenga motsika ndi 2 pa 100 iliyonse, muzikumbukira mukamayandikira apolisi a kamera. Ine sindiletsa, koma pali malo awiri oyenera kuona: pansi pa mbale imene sipuling'i yakutsogolo imakhalira, chifukwa tayala limadutsa pafupi pamenepo, ndi pulasitiki ya mkati mwa madigadi mukakhotetsa mpaka kumapeto. Komanso tayala lamphamvu silisandutsa Fielder kukhala pikapu. Ngati ikukhula pansi ndi katundu amene kale imanyamula bwinobwino, masipuling'i ndi mashoko akumbuyo atopa, ndipo 6 mm siichiza zimenezo. Mpweya tsatirani kapepala kali pa chitseko cha dalaivala, muziyeza matayala ali ozizira.

Spacer ndi kutsitsa offset basi, palibe matsenga. Rimu ya +45 ndi spacer ya 5 mm yasanduka +40. Ndi ya 25 mm yasanduka +20, mavuto onse ndinatchula aja abwera, kungoti tsopano rimu yake ndi yosakongola. Ndiye pali vuto lina: bawuti ya Toyota ndi M12 ya mazinga 1.5, ndipo nati iyenera kulowa osachepera 12 mm, kutanthauza kuzungulira ka 8. Spacer iliyonse ikudya pa mamilimita amenewo, komanso ikufupikitsa kamlomo ka hub kamene Mayi NaBanda anena kuti rimu imakhalira. Pa galimoto ya katundu musaike. Marimu achitsulo awiri a 15x6J +45 ochotsa pa Corolla ina ndi njira yotchipa kuposa zonse, ndipo chitsulo chikapindika chimawongoleka, pomwe aluminiyamu amathetheka. Kusankha ndi kwanu, ma mags a 6.5J aja akayezeka bwino nawonso sindikuwakana.

Musalipire musanayese pa galimoto. Mangani imodzi kutsogolo, muizungulitse ndi dzanja ili pa jeke, mumve ngati siikukhudza caliper, chitsulo chopana mabuleki chija. Lowetsani chala pakati pa tayala ndi shoko. Itsitseni, mukhotetse mpaka kumapeto mbali zonse ziwiri. Ina mangani kumbuyo, muikemo katundu amene mumanyamula masiku onse, mudutse pa hampu pang'onopang'ono wina akuyang'ana kunja. Manati amangidwe modumphanitsa, pa 103 Nm (muyezo wa kulimba kwa nati pa sipana yoyezera), osati mnyamata kudumphira pa paipi. Mukayenda makilomita 50 kapena kupitirirako pang'ono muwabwerezenso, ndiye kuti mukachoka ku Salima kuno muime pa Benga mutulutse sipana.

Kabaza_Turbo

Chabwino akuluakulu, ndagonja pa Fielder. Koma madala, za 8J zija mphwanuyo asazibweze msanga. Pali Passo ina kuno mwini wake sanyamula ngakhale nkhuku.